Mwana wanga namwino akufuna kukagwira ntchito kunkhondo: kodi mtanda wofiira udzamuteteza?

Mayi wina wandilembera imelo ali ndi nkhawa. Mwana wawo wamkazi ndi namwino, ndipo wapeza ntchito ku bungwe lina lomwe limatumiza azaumoyo kumayiko komwe kuli nkhondo yapachiweniweni. Mwanayo akuwalimbitsa mtima kuti palibe choopa chifukwa pali malamulo oletsa kuwombera chipatala, komanso galimoto zawo zimayenda ndi chizindikiro. Funso la mayiwo ndi lakuti: "Ngati malamulowo alipodi, bwanji timangomva pawailesi kuti zipatala zaphulitsidwa? Kodi zimachitika mwangozi, kapena mwanayu akungondinamiza kuti mtima ukhale m'malo?"

Mayi, mwana wanu sakukunamizani. Malamulowo alipo, ndipo ndi akalekale. Anayamba ndi Henry Dunant, mkulu wamalonda wa ku Switzerland, amene mu 1859 anapeza asilikali ovulala miyandamiyanda atangosiyidwa pamtetete nkhondo ya ku Solferino itatha. Zimene anaonazo ndi zomwe zinabala bungwe la Red Cross mu 1863, ndi pangano loyamba la ku Geneva chaka chotsatira. Mapangano anayi omwe tikuwadziwa lero anasainidwa mu 1949, ndipo pafupifupi dziko lililonse linawavomera. Koma pali kanthu kamene ambiri sakadziwa. Mapanganowo analembedwera makamaka nkhondo ya dziko ndi dziko linzake. Pa nkhondo ya abale okhaokha m'dziko limodzi, anangoikamo ndime imodzi, yachitatu, yomwe imati ovulala ndi odwala atoledwe ndi kusamalidwa, ndipo amene sakumenya nkhondo asaphedwe kapena kuzunzidwa. Mu 1977 anawonjezera pangano lina lofotokoza bwino za nkhondo zapachiweniweni, ndipo m'menemo muli mawu omveka akuti munthu asalangidwe chifukwa chochiza wodwala, kaya wodwalayo ndi wa mbali iti. Tsoka ilo, si mayiko onse amene analowa m'pangano lowonjezeralo. Syria, mwachitsanzo, sinalowemo.

Tsono vuto lagona apa. Mayiko awiri akamamenyana, lililonse limavomereza kuti msilikali wa mnzakeyo ndi msilikali, ndipo akavulala ali ndi ufulu wochizidwa. Pa nkhondo yapachiweniweni boma silitcha adani ake kuti asilikali. Limati ndi zigawenga, oukira, mbava. Ndiye namwino akamanga bala la munthu woteroyo, m'maso mwa boma amakhala kuti wathandiza chigawenga kuti chikanyamulenso mfuti. Oukira nawonso amaganiza chimodzimodzi: kwa iwo chipatala cha boma ndi nkhope ya boma lenilenilo m'mudzi. Pa nkhondo ya ku Mozambique yomwe inatha mu 1992, a Renamo anawotcha ndi kuphwasula zipatala zing'onozing'ono zambirimbiri zakumidzi pa chifukwa chimenechi. Sanali kuphonya. Ankadziwa bwino chomwe ankawotcha.

Ndiye pa funso lanu lakuti kodi ndi ngozi, ine ndikuti ngozi zilipo, koma zambiri si ngozi ayi.

Ku Syria zinthu zinafika poonekera poyera. Nkhondo itayamba mu 2011, ovulala pa zionetsero ankagwidwa ali pabedi m'zipatala za boma, choncho anthu anayamba kuopa chipatala kuposa bala. Madokotala anatsegula tizipatala tachinsinsi m'nyumba za anthu, ndipo mu 2012 boma linakhazikitsa lamulo lothana ndi uchigawenga lomwe linagwiritsidwa ntchito pomanga ochiza otsutsa boma. Bungwe la Physicians for Human Rights linalemba ziwembu zoposa 600 pa zipatala, ndi azaumoyo oposa 900 ophedwa, ambiri mwa iwo m'manja mwa boma ndi othandizana nalo. Mu April 2016 mabomba anagwa pa chipatala cha Al-Quds mumzinda wa Aleppo, n'kupha pamodzi ndi ena Dr Muhammad Waseem Maaz, mmodzi mwa madokotala a ana ochepa kwambiri amene anali atatsala kumeneko. Zipatala zina zinasamukira pansi pa nthaka ndi m'mapanga. Chomwe chimandiwawa kwambiri pa nkhani ya Syria ndi ichi: bungwe la United Nations linakonza njira yoti zipatala zizipereka manambala osonyeza pomwe zili, kuti oponya mabomba azizipewa. Mu 2019, ku Idlib, zipatala zina zomwe zinali pamndandandawo zinaphulitsidwabe, mpaka madokotala ena anasiya kuulula malo awo poona kuti akudziika okha pamphuno pa mfuti.

Musaganize kuti amachita izi ndi olamulira ankhanza okha. Pa 3 October 2015, ndege yankhondo ya dziko la America inawomba chipatala cha bungwe la Médecins Sans Frontières, lomwe ambiri amangoti MSF, mumzinda wa Kunduz ku Afghanistan. Anafa anthu 42, ndipo 14 mwa iwo anali ogwira ntchito pachipatalapo. Odwala ena anapsera pabedi. Bungwelo linali litapereka kale malo a chipatalacho kwa asilikaliwo, ndipo ndege ikuwomba linkaimba mafoni kuwapempha kuti asiye. A ku America anati kunali kulakwitsa, analanga asilikali 16 mwa njira za m'kati mwa usilikali, koma palibe anazengedwa mlandu kukhoti.

Chaka chotsatira, mu May 2016, nthambi yachitetezo ya United Nations inagwirizana pa chigamulo nambala 2286 chodzudzula kuukira zipatala. Onse anakweza manja kuvomera. Pamsonkhano womwewo Dr Joanne Liu, yemwe ankatsogolera MSF, anawauza pamaso kuti mayiko anayi mwa asanu okhala ndi mipando yokhazikika m'nthambiyo anali m'magulu ankhondo omwe anaphulitsapo zipatala. Miyezi itatu yokha chigamulocho chitaperekedwa, chipatala cha Abs ku Yemen chinaphulitsidwa, anthu 19 n'kufa. Khoti la milandu ikuluikulu ya padziko lonse (ICC) la ku The Hague limauwerenga mchitidwewu kuti ndi mlandu wa nkhondo, ndipo mu 2019 linapeza Bosco Ntaganda, mkulu wa gulu la oukira ku Congo, wolakwa pa milandu 18, umodzi mwa iyo wokhudza kuukira chipatala chaching'ono. Koma ozengedwa otere ndi owerengeka pa zala.

Pali chifukwa chimodzi chomwe oukira chipatala amapereka nthawi zonse: amati adani anabisalamo. Lamulo limavomerezadi kuti chipatala chikasanduka posungira zida kapena powombera mfuti, chitetezo chake chimatha. Koma limanenanso kuti choyamba paperekedwe chenjezo ndi nthawi yokwanira. Ndipo kupezeka kwa msilikali wovulala pabedi sikusandutsa chipatala kukhala malo ankhondo, ngakhalenso mfuti yomwe amulanda pomugoneka. Mbali iyi ya lamulo ndi imene akuluakulu a nkhondo amaiwala mwadala.

Za chizindikiro chimene mwana wanu akudalira, mumufunse kuti ndi chizindikiro chanji. Mtanda wofiira, kapena mwezi wofiira womwe mayiko ambiri achisilamu amagwiritsa ntchito, si wa aliyense. Ndi wa azaumoyo a asilikali, wa mabungwe a Red Cross ndi Red Crescent, ndi zipatala zomwe zapatsidwa chilolezo. Mabungwe ena amayenda ndi zizindikiro zawozawo. Antchito awo ndi otetezedwabe ndi lamulo monga anthu wamba, koma chizindikiro chilichonse chimagwira ntchito pokhapokha wonyamula mfuti akuchidziwa ndi kuchilemekeza. Mu December 1996, anthu asanu ndi mmodzi a Red Cross anaphedwa ali m'tulo pachipatala cha Novye Atagi ku Chechnya. Mu June 2021, ku Tigray m'dziko la Ethiopia, antchito atatu a MSF, María Hernández, Yohannes Halefom Reda ndi Tedros Gebremariam, anaphedwa atavala zovala zolembedwa dzina la bungwe lawo, galimoto yawo ili ndi mbendera.

Pali chinthu china chomwe simunafunse koma chikukukhudzani. Nkhani zikamamveka pawailesi, nthawi zambiri zimakhala za mlendo amene waphedwa kapena kubedwa. Koma ochuluka kwambiri mwa ophedwa pa ntchitoyi ndi eni dziko: oyendetsa galimoto, alonda, azamba, anamwino, omasulira. United Nations inati mu 2023 anaphedwa ogwira ntchito zothandiza anthu 280, ndipo mu 2024 anapitirira 380, ambiri a iwo ku Gaza. Antchito 17 a bungwe la Action contre la Faim amene anawomberedwa mu ofesi yawo ku Muttur, Sri Lanka, mu 2006 anali a m'dziko momwemo. Azamba awiri, Saifura Khorsa ndi Hauwa Liman, amene anabedwa ku Rann ku Nigeria mu 2018 n'kuphedwa, anali ana a komweko. Zinthu zikathina, mlendo amakwezedwa ndege. Mwini dziko amatsala, ndipo pa nkhondo yapachiweniweni amakhala ndi mtundu, chilankhulo ndi dzina la bambo ake zomwe zingamuphetse pa chipata cha asilikali pamsewu. Ku Butare, ku Rwanda, mu April 1994, odwala ndi antchito a Chitutsi anatulutsidwa m'chipatala n'kuphedwa madokotala achilendo akuona. Mwana wanu akapita ngati mlendo adzakhala wotetezekako kuposa anzake amene adzagwire nawo ntchito. Izi zikhoza kukutonthozani pang'ono, ngakhale si chilungamo.

Komanso imfa zambiri za nkhaniyi siziwerengedwa n'komwe. Chipatala chikatsekedwa, mayi wofunika opaleshoni pobereka amafera panjira. Wodwala shuga amasowa insulin, wa impso amasowa makina otsukira magazi, monga zinachitikira pachipatala cha Ayder ku Mekelle misewu yolowera ku Tigray itatsekedwa. Kumayambiriro a 2021 a MSF anayendera zipatala 106 m'chigawocho ndipo anapeza kuti pafupifupi 70 pa 100 zilizonse zinali zitaberedwa katundu. Katemera akaima, matenda oiwalika amabwerera: poliyo inatulukiranso ku Syria mu 2013, patatha zaka zoposa khumi isakuoneka. Ku Yemen, oganiziridwa kuti adwala kolera anapitirira miliyoni imodzi pofika kumapeto a 2017. MSF itachoka ku Somalia mu 2013, itagwirako ntchito zaka 22 ndi kutaya antchito 16, amene anatsala opanda dokotala anali anthu osadziwa n'komwe kugwira mfuti. Ku Sudan, komwe nkhondo inabuka pa 15 April 2023, zipatala zambiri za m'madera omenyanirana zinasiya kugwira ntchito, ndipo achinyamata odzipereka a m'madera ndi amene akhala akunyamula ovulala ndi kuphikira anthu, kwinaku akumangidwa ndi mbali zonse ziwiri.

Nanga chimene chimateteza n'chiyani? Pa zonse zomwe ndawerenga ndi kumva, ine ndimaona kuti ndi kukambirana ndi anthu a mfutiwo, mbali zonse, tsiku ndi tsiku, kufikira mkulu wa kagulu kakang'ono kamene katseka msewu. Ntchito yake ndi yotopetsa ndipo siioneka pa kanema, koma imabala zipatso. Ku El Salvador, kuyambira 1985, boma ndi oukira ankaika zida pansi masiku angapo pachaka kuti ana abayidwe katemera, Tchalitchi cha Katolika ndi UNICEF ali amkhalapakati. Ku Sudan mu 1995, Jimmy Carter, mtsogoleri wakale wa dziko la America, anagwirizanitsa mbali ziwiri kuti zileke kumenyana kwa miyezi ingapo kuti azaumoyo alimbane ndi matenda a nyongolotsi ya Guinea.

Chachiwiri ndi kukhulupiriridwa ndi anthu a m'deralo, ndipo chikhulupiriro chimenechi sichichedwa kusweka. Mu 2011 akazitape a dziko la America a bungwe la CIA anagwiritsa ntchito katemera wabodza mumzinda wa Abbottabad ku Pakistan pofufuza Osama bin Laden, ndipo zitaululika, obaya katemera wa poliyo ku Pakistan, ambiri a iwo amayi, anayamba kuwomberedwa m'misewu. Kum'mawa kwa Congo, pa mliri wa Ebola wa 2018 mpaka 2020, anthu amene anakhala zaka zambiri akuphedwa popanda wowathandiza anadabwa kuona galimoto zodula ndi ndalama zikukhuthukira matenda amodzi okha, azaumoyo akuperekezedwa ndi apolisi a mfuti. Malo ochizira Ebola ku Katwa ndi ku Butembo anaukiridwa, ndipo mu April 2019 Dr Richard Mouzoko wa ku Cameroon, amene ankagwira ntchito ku bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, anawomberedwa pachipatala ku Butembo. N'chifukwa chake mabungwe ngati Red Cross ndi MSF kawirikawiri amakana kuperekezedwa ndi asilikali, ndipo pakhomo la chipatala amaika chikwangwani choletsa kulowa ndi mfuti. Kwa inu monga kholo zingamveke zachilendo kuti kuyenda wopanda mlonda wa mfuti n'kotetezeka kuposa kukhala naye, koma m'malo ambiri ndi momwe zilili.

Sindikuuzani kuti mumuletse kapena mumulole. Ndi wamkulu, ndipo fupa lokakamiza limaswa mphika. Ambiri amene amapita kuntchito zoterezi amabwerako amoyo, ngakhale ena amabwera ndi mabala a mumtima omwe amatenga nthawi kupola. Chimene mungachite ndi kukhala naye pansi n'kuona ngati bungwe lakelo lamuyankha mafunso oyenera. Akafunse kuti akumutumiza kudera liti lenileni, chifukwa m'dziko limodzi lomwelo likulu limatha kukhala pa bata pomwe chigawo china chikuyaka moto. Adziwe ngati bungwelo limalankhulana ndi mbali zonse zomenyana kumeneko, kapena likungodalira chilolezo cha boma chokha. Afunse za maphunziro a chitetezo asananyamuke, za inshulansi yomwe imalipira ngakhale munthu atavulalira kunkhondo (zambiri wamba sizilipira), ndi zomwe bungwelo limachita wantchito akabedwa. Aonetsetse kuti m'kalata ya ntchito mwalembedwa kuti ali ndi ufulu wokana ulendo umene akuuona kuti ndi woopsa, popanda kuchotsedwa ntchito. Ndipo afunsenso kuti nthawi yomaliza pamene anasamutsa antchito chifukwa cha nkhondo, anamwino ndi oyendetsa galimoto a m'dzikomo anawachitira chiyani. Bungwe likazemba funso limenelo, mwana wanu asasaine.