Kupalasa njinga m'mbali mwa ngalande: kodi kuno ku Joni n'zotheka?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa m'bale wathu wina yemwe amasamalira maluwa pa nyumba ina ku Randburg. Akuti anaona pa YouTube azungu akuyenda masiku ambiri pa njinga m'mbali mwa ngalande za ku Ulaya, zikwama atamangirira kumbuyo, dziko lili see popanda chitunda. Funso lawo ndi ili: "Njinga ndili nayo, yomwe ndimapitira ku ntchito. Tchuthi cha Disembala chayandikira ndipo chaka chino kumudzi sindipita. Kodi ulendo woterewu ungatheke kuno, nanga ndingayambire pati?"

Achimwene, zikomo polemba. Ulendowu ungatheke, koma osati mu Johannesburg muno, ndipo Disembalayo ndikukuletsani.

Zomwe munaonazo zili ndi chiyambi chake. Ngalande za ku Ulaya anazikumbira mabwato onyamula katundu, ndipo kale mabwatowo ankakokedwa ndi mahatchi oyenda m'mphepete. Mahatchi anatha, kanjira kawo kanatsala, ndiko komwe apanjinga akudutsa lero. Madzi sakwera phiri, choncho kanjirako nakonso sikakwera kwenikweni. Ku France kuli Canal du Midi yomwe inatsegulidwa mu 1681, yotalika makilomita 240 kuchokera ku Toulouse kukafika ku nyanja ya Mediterranean. Ena amatsatira mtsinje wa Danube kuchokera ku Passau ku Germany mpaka ku Vienna ku Austria, mtunda wopitirira makilomita 300, midzi ili pafupipafupi moti buledi ndi madzi sasowa.

Kuno zinthu n'zosiyana. Johannesburg anamangidwa chifukwa cha golide yemwe anapezeka mu 1886, osati chifukwa cha mtsinje, ndipo wakhala pa msana wa phiri, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere. Mvula yogwa kumpoto kwa msanawu imatsikira mu mtsinje wa Jukskei n'kukathera mu Limpopo, yogwa kummwera imalowa mu Klip n'kukafika mu Vaal. Ndiye chifukwa chake mukamachoka ku ntchito miyendo imawawa: tili pamwamba penipeni. Ngalande za dziko lino ndi za ulimi wothirira, mulibe bwato, ndipo m'mbali mwa mitsinje yambiri muli mawaya a eni mafamu. Mukhoza kuyenda tsiku lathunthu pafupi ndi Vaal osawaona madziwo, mukungoona mitengo yake chapatali.

Malo omwe ine ndingakulozereni ndi Vaalharts, dera la ulimi wothirira m'malire a zigawo za Northern Cape ndi North West. Ntchito yokumba ngalande kumeneko inayamba mu 1934, madzi amawapatutsa mu Vaal pafupi ndi Warrenton, ndipo ngalande zake zonse pamodzi zimapitirira makilomita 1,000. Kuchokera kuno ndi makilomita pafupifupi 400 pa msewu wa N12, kudutsa Potchefstroom, Klerksdorp, Bloemhof ndi Christiana. Mukafika pa Warrenton mumakhotera mu N18 kupita ku Jan Kempdorp ndi Hartswater. Chigwa chake n'chosalala ndithu, minda yagawidwa ndi timisewu towongoka, kwadzaza mtedza, chimanga, tirigu, msipu wa ng'ombe ndi mitengo ya pecan yomwe imapereka mthunzi wabwino. N12 musaipalase, ndi msewu wa malole. Kapempheni katoni ku shopu ya njinga, muchotse tayala lakutsogolo ndi mapedulo, ndipo mufunsiretu a basi ngati angakunyamulireni musanagule tikiti.

Pali nkhani imodzi yomwe mavidiyo aja sangakuuzeni. Msewu wa m'mbali mwa ngalande nthawi zambiri si wa aliyense. Ndi wa oyang'anira madzi kapena mwini famu. Alimi a kuno amakhala ndi mantha ndi akuba, ena ali ndi agalu olusa ndi mfuti, ndipo munthu wakuda wachilendo wosenza zikwama pa geti madzulo samuona ngati mlendo woyenda koona malo. N'zowawa kunena koma ndi mmene zilili. Yendani m'misewu ya boma, yomwe nayonso imadutsa ngalande kawirikawiri. Pomwe pali geti kapena chikwangwani, imani, perekani moni kwa ogwira ntchito, funsani. Kumeneko anthu ambiri amalankhula Setswana ndi Afrikaans, ndipo moni wa Setswana woti "dumelang" yekhayo amafewetsa nkhope. Pasipoti ndi pepala lanu lokhalira m'dziko muno zikhale m'thumba la pulasitiki, pathupi panu. Zogona m'tchire muiwale. Konzerani malo ogona m'tauni dzuwa lisanapendeke.

Ngalandezo ndi zasimenti, m'mbali mwake motsetsereka ndi moterera ndi ndere. Madzi amaoneka ofatsa koma amathamanga, ndipo amene wagweramo amasowa pogwira. Kutenthe bwanji, musasambemo. Kumwanso ayi.

Tsono za Disembala. Dera limenelo nthawi ya dzinja la kuno kumatentha kupitirira madigiri 35, ndipo masana kumabwera mvula ya ziphaliwali. Pa chigwa chopanda phiri, munthu wokwera chitsulo ndiye amakhala chinthu chachitali. Miyezi yabwino ndi Epulo ndi Meyi, choncho Pasaka ndiye nthawi yanu. Juni ndi Julayi m'mawa kumagwa chisanu choumitsa zala, Ogasiti ndi mphepo ndi fumbi. Mphepoyo musaipeputse. Chitunda chimatha, mukafika pamwamba mumatsetsereka, koma mphepo yakumaso mumalimbana nayo kuyambira m'mawa mpaka madzulo popanda popumira. Nyamukani kukangocha isanadzuke, ndipo tsiku loyamba makilomita 40 kapena 50 akukwanirani.

Njinga yanu yomweyo ikwana, bola matayala akhale otakata. Ife tinakula tikuona akabaza akunyamula munthu ndi thumba la chimanga pa njinga yopanda magiya, ndiye musalole wogulitsa ku shopu akuuzeni kuti mukufunika ya marandi masauzande ambiri. Ndalama ikani pa kaliya yolimba, chifukwa chikwama chakumsana chimakuthyolani mapewa pofika masana. Mdani wamkulu ndi kaminga kapansi komwe kuno amati duwweltjie. Kamakhala mbwee m'mbali mwa misewu yafumbi, ndipo mukangopatukira pa udzu kuti galimoto idutse, mupeza tayala lonse lamera minga. Thirani m'machubu mankhwala omata okha aja amagulitsa m'mashopu a njinga, mutengenso machubu awiri apadera, zigamba, guluu, pampu ndi masipanala. Mukamamata, yendetsani chala pang'onopang'ono m'kati mwa tayala. Munga umathyokera momwemo n'kubayanso chubu chatsopano. Madzi akumwa nyamulani malita atatu kapena anayi. Kuvala chipewa cholimba choteteza mutu chija ndi lamulo kuno kuyambira 2004, ndipo njinga siloledwa pa fuliweyi.

Disembala musangokhala. Pafupi ndi kwanu komweko pali kanjira kotsatira kamtsinje ka Braamfontein Spruit, kuchokera cha ku Emmarentia Dam kudutsa Delta Park kulowera kumpoto. Si kosalala ngati ku Ulaya, kali ndi miyala ndi mizu, koma n'kokwanira kuyesera njinga itasenza katundu kuti muone chomwe chikugwedera. Pitani Loweruka m'mawa pomwe anthu ali ambiri, mutenge mnzanu mmodzi kapena awiri, foni ikhale yobisa, chifukwa achifwamba amadziwanso kanjirako.

Ndipo chaka chomwe mudzapite kumudzi, mukatsika zitunda za Thabwa, msewu wochokera ku Chikwawa kudutsa minda ya nzimbe ya ku Nchalo mpaka ku Nsanje ndi wosalala chimodzimodzi, ndipo kumeneko palibe adzakufunseni pasipoti. Mudzapite mu Juni kapena Julayi kusanatenthe, ndipo m'mphepete mwa Shire musakaime kuti musambe m'maso, muli ng'ona.