Apampando a VDC, musatule pansi udindo msanga

Kalata ya sabata ino yachokera ku Mchinji, kwa mayi amene anasankhidwa chaka chatha kukhala wapampando wa VDC, komiti ya chitukuko m'dera la gulupu wawo. Akuti kumisonkhano kumabwera anthu owerengeka, a gulupu sakuwapatsanso moni ngati kale, ndipo kuchigayo kwamveka kale zoti iwo akudya ndalama za mabungwe, chonsecho sanagwirepo ngakhale tambala. Funso lawo ndi lalifupi: kodi ndingotula pansi udindowu?

Apampando, kalata yanu yandikhudza pachilonda. Ine ndinali mlembi wa VDC kwathu ku Ntcheu pa nthawi yoipitsitsa, nthawi imene dziko lino linalibe makhansala. Achinyamata ambiri sadziwa kuti zimenezi zinachitikapo. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'ono zinabwera mu 1998, makhansala oyamba tinawasankha mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo kuchokera pamenepo kunali zii mpaka chisankho cha patatu cha mu May 2014. Zaka zonsezo, pakati pa mudzi ndi ofesi ya DC panali mafumu, phungu amene tinkamuona pamaliro akuluakulu okha, ndi ifeyo a komiti, anthu opanda malipiro, opanda ofesi, opanda ngakhale njinga.

Papepala zinthuzi zimaoneka bwino kwambiri. Mudzi ukhala pansi, utchula mavuto ake, VDC ilemba pulani ya mudzi imene aboma amaitcha Village Action Plan. Pulaniyo ipita ku ADC, komiti ya dera lonse la T/A, kumene alangizi a boma a m'deralo, amene komiti yawo imatchedwa AEC, amathandiza kuisanthula. Kuchoka apo ipita kukhonsolo kuti ikalowe mu pulani ya chitukuko ya boma lonse, monga la Ntcheu kapena la Mchinji. Ife tinachita zonsezo mmene anatiphunzitsira. Tinakhala pabwalo la a gulupu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, amayi paokha, abambo paokha, achinyamata paokha. Amayi anati mjigo ndi sikelo yapafupi. Abambo anati mlatho, chifukwa mtsinje ukadzaza ngolo sizinkaoloka ndi mbatata ya kachewere. Achinyamata anati ngongole ndi bwalo la mpira. Tinavota ndi njere za chimanga, mlatho unapambana, ine ndinalemba bwinobwino ndi cholembera chobwereka kwa aphunzitsi, n'kukapereka ku ADC wapansi.

Ndiye kudikira. Palibe amene anabwera kudzatiuza kuti mlatho wanu ukhala wachisanu pamndandanda, kapena kuti ndalama palibe, iwalani. Kungoti duu. Koma anthu amene anataya tsiku lawo lakumunda sanaiwale. Pamaliro, tikudya nsima kuseri kwa siwa, wina ankangoti, "Alembi, mlatho wathu uja mwafika nawo pati?" Ena n'kuseka. Kusekako n'kumene kumabala mphekesera zimene mukuzimva kuchigayo, mayi. Munthu akaona kuti analemba dzina lake papepala, pepalalo linapita kuboma, ndipo palibe chabwera, mutu wake umamuuza chinthu chimodzi chokha: zinabwera koma zinathera panjira. Ndipo amene amamuona tsiku ndi tsiku panjirapo ndinu.

Kwa inu amayi nkhaniyi imawawa kawiri. Bambo wa komiti akagula malata anthu amati wagulitsa fodya. Mayi wa komiti akavala chitenje chatsopano, basi, za mabungwe. Msungichuma wathu anali mayi wa mvano, wokhulupirika kotheratu, koma anafika poleka kuphika nyama masana poopa fungo.

Tsono mabungwewo. Pano ndilankhula mosapsatira, ndipo anzanga ogwira ntchito m'mabungwe andikhululukire. Chimene chinapha mtima wodzithandiza m'midzi yambiri ndi alawansi. Bungwe lina, sinditchula dzina, linafika kwathu ndi galimoto yoyera, osadzera ku VDC, n'kukhazikitsa komiti yakeyake ya nkhalango. Lina linabwera ndi komiti yake ya zaukhondo. Lina ya ana amasiye. Aliyense ndi maphunziro ake a kuboma, Fanta, mabanzi, ndi envelopu pamapeto. Mudzi womwewo, anthu omwewo, makomiti mbwee. Ndiye inu mukaitanitsa msonkhano wa VDC wokambirana zolambula msewu, funso loyamba limakhala lakuti, "Kuli kangachepe?" Mukati kulibe, mukhala nokha ndi mlembi wanu pansi pa mtengo. Anthuwo sindiwada. Munthu amene alibe mchere m'nyumba amadziwa kuwerengera tsiku lake. Amene ndimawadandaula ndi aja anawaphunzitsa kuti kukambirana za mudzi wako womwe ndi ganyu. Projekiti ikatha galimoto imapita, komiti ija imafa, chikwangwani chokha n'chimene chimatsala pamphambano chikuchita dzimbiri.

Mwina ndapita patali, koma nkhaniyi inayamba kale mabungwe asanachuluke. Makolo athu amakumbukira Sabata ya Achinyamata ya nthawi ya Kamuzu, pamene anthu ankalambula misewu, kumanga milatho ya mitengo ndi kukonza nyumba za okalamba. Zambiri zinkachitika mwamantha, zimenezo tisabise. Matipate ambiri atabwera mu 1994, anthu anapuma, ndipo ntchito iliyonse yogwira popanda malipiro inayamba kutchedwa thangata. Kenako kunabwera MASAF, thumba la boma la chitukuko cha m'midzi, imene inati mudzi uumbe njerwa, utute mchenga ndi miyala, boma libweretsa simenti ndi malata. Midadada yambiri ya sukulu imene ana athu akuphunziramo lero inamangidwa motero, ndipo ndimaivulira chipewa. Koma ndani sanaonepo uvuni wa njerwa pasukulu utamera udzu, mvula ikuukokolola chaka ndi chaka, chifukwa simenti yolonjezedwa ija sinafike? Mudzi umene unaumbapo njerwa zotere n'kovuta kuuitananso. Masiku anonso, kuyambira 2018, boma linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga zake pofuna kuteteza mitengo, ndiye chimene mudzi ungapereke chatsala mchenga, miyala ndi madzi.

Pali chinanso chimene chimadetsa dzina la komiti kuposa zonse: kalembera. Makuponi a feteleza otsika mtengo atayamba mu 2005, kulemba maina kunasanduka nkhondo. Makuponi ochepa, osauka ambiri. Mukalemba uyu, uyo akuti mwamusiya chifukwa munakangana malire a munda. Mtukula Pakhomo, umene unayambira kwanu komweko ku Mchinji mu 2006, uli ndi komiti yake ndi njira zake zosankhira anthu, koma wosiyidwa safunsa zimenezo, amangodziwa kuti apampando ndinu. Chimanga cha chithandizo n'chimodzimodzi. Ine maganizo anga ndi olimba pamenepa: dzina lililonse lolandira kanthu lizitchulidwa pabwalo, masana, aliyense akumva. Mndandanda wolembedwa usiku m'nyumba ya munthu, ngakhale utakhala wachilungamo chotani, ndi mlandu.

Za andale ndingodutsamo. Thumba la CDF, la chitukuko cha m'dera la phungu, linayamba mu 2006, ndipo mu 2010 aphungu anasintha lamulo kuti nawonso azivota m'makhonsolo. Zotsatira zake tonse tinaziona: chitukuko chinayamba kuvala makaka. Pulani ya mudzi ikuti mlatho, koma kukubwera chimene chingajambulike bwino pa kampeni. Mudzaitanidwa kuti mukaimirire pambali pa bwana pojambulitsa. Pitani, ombani m'manja ngati mwambo ukufuna, koma nsalu ya chipani musavale pa ntchito ya komiti. Boma likasintha, theka la mudzi lidzakukumbutsani.

Nanga tinapindulapo chiyani? Mlatho uja unadzamangidwa ine nditachoka kale m'komiti, ndipo amene anadula riboni sankadziwa n'komwe kuti tinauvotera ndi njere za chimanga. Chimene ndimanyadira ndi mjigo.

Mjigo wathu wa mtundu wa Afridev unaonongeka, ndipo unakhala nthawi yaitali chogwirira chili lende. Amayi anabwerera kudambo, kukatunga pamene ng'ombe zimamwera, ana n'kuyamba kutsegula m'mimba. Mlangizi wa zaumoyo ankagawa klorini, koma klorini sachepetsa mtunda. Aliyense ankati tidikire omwe anakumba abwere adzakonze. Tsiku lina apampando athu, bambo wosalankhulalankhula, anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Tiyeni tione kaye chafa n'chiyani. Tinaitana mmisiri wa mijigo wa m'deralo. Anamasula mutu wa mjigo, anyamata n'kumakoka ndodo zachitsulo zija imodziimodzi, kuziyala paudzu motsatana kuti zisasokonezeke. Itatuluka yomaliza, mmisiri anachotsa kalabala kakuda kakumapeto, kong'ambika mbali imodzi, n'kukaika padzanja pa a gulupu. Mtengo wake sunkafika ngakhale pa mtengo wa nkhuku. Mudzi wonse unkamwa matope chifukwa cha kameneko.

Tinadzutsa komiti ya mjigo imene inali itagona, n'kugwirizana kuti khomo lililonse lizisonkha kandalama pamwezi, ndipo wopanda ndalama azipereka mbale ya chimanga kapena nyemba, tigulitsa. Okalamba okhala okha tinawachotsamo. Ndinagula kope la chikuto cholimba. Mwezi uliwonse, pabwalo, ndinkaimirira n'kuwerenga: zalowa zakuti, tagula chakuti kusitolo yakuti, zatsala zakuti, ndipo msungichuma ankayala ndalamazo pamphasa n'kuziwerenga mokweza. Lisiti linkayenda dzanja ndi dzanja mpaka kubwerera lili lonyowa ndi thukuta. Kenako maina a osapereka. Mwezi woyamba m'gulu la osaperekalo munali mphwawo wa a gulupu. Nditafika pa dzinalo bwalo linati chete. Ndinaliwerenga. A gulupu anapisa m'thumba la jekete, n'kulipira pomwepo, kenako anatembenukira mphwawoyo n'kumuuza kuti akabweze madzulo omwewo. Kuyambira tsiku limenelo misonkhano inayamba kudzaza. Ena ankabwera kudzamva za chitukuko, ambiri ankabwera kudzamva kuti lero atchulidwa ndani, koma ankabwera. Pa msonkhano wodzaza womwewo ndi pamene tinagwirizana zomanga chisakasa cha sikelo, ndi zoti mwana wopezeka pamsika nthawi ya sukulu makolo ake azikaonekera kwa mfumu.

Za a gulupu anuwo

Malamulo a makomitiwa amati mfumu ikhale mlangizi wa VDC, isakhale wapampando. Cholinga chake n'chabwino, chifukwa munthu wamba sangatsutse mfumu pamaso. Koma amene analemba zimenezo sanasinthe chinthu chimodzi: bwalo ndi la mfumu, malo omangapo chilichonse amapereka ndi mfumu, ndipo anthu akamva kuti kuli msonkhano amafunsa kaye kuti waitanitsa ndani. Mafumu ambiri amaona VDC ngati yabwera kudzawalanda alendo. Kale galimoto inkaima pakhomo pawo, lero ikufunsa nyumba ya apampando. Ndikukayika ngati a gulupu anu amakudani inuyo. N'kutheka kuti pali mlendo wina amene anafikira kwa inu iwo n'kumva kwa ana.

Ndiye pitani kwawo musanaitanitse msonkhano uliwonse, ndi mlembi wanu, mukhale pansi, muwafotokozere zonse ngati mukupempha nzeru, ngakhale yankho mukulidziwa kale. Mlendo aliyense wa boma kapena wa bungwe muziyamba mwamuperekeza kwa iwo. Uthenga wa msonkhano uzichokera kwa iwo kupita kwa anyakwawa, atsegule ndi iwo, atseke ndi iwo, inu muyendetse zapakatipo. Ena adzati mukudzichepetsa mopitirira. Asiyeni, inu mukufuna bwalo lodzaza.

Tsono funso lanu lija. Ayi, musatule pansi panopa, chifukwa mukachoka mphekesera zili mkati anthu adzati mwathawa mlandu, ndipo dzinalo lidzakutsatani mpaka kumpingo. Walira mvula walira matope. Sankhani chinthu chimodzi chaching'ono chimene mudzi ungathe wokha osadikira khonsolo, kaya mjigo, kaya chimbudzi cha pasikelo, kaya kukwirira maenje pamsewu wopita kumsika, ndipo muchimalize. Gulani kope, muziwerenga pagulu ngakhale mwezi umene simunalowe kalikonse. "Mwezi uno sitinalandire kanthu kuchokera kulikonse" ndi lipoti lokwanira. Ndalama isagone m'nyumba mwanu ngakhale usiku umodzi, ikhale kwa msungichuma, m'bokosi la maloko atatu ngati la banki m'khonde, makiyi kwa anthu atatu osiyana. Mukapita ku ADC muzibwera ndi yankho, ngakhale likhale lakuti ndalama palibe, ndipo khansala wa wodi yanu muzimuitana adzanene yekha pamaso pa anthu kuti pulani yanu ili pati. Inu muli ndi mwayi umene ife tinalibe, khansala alipo, mugwiritseni ntchito. Misonkhano musamaiike tsiku la msika kapena m'mawa nthawi yopalira, ndipo isamatalike mpaka amayi kuyamba kunyamuka kukaphika.

Mukachita zonsezi mpaka kukolola koma zinthu osasintha, kapena banja lanu layamba kugwedezeka chifukwa cha udindowu, pamenepo mukhoza kuchoka. Pemphani a gulupu aitanitse anthu, muwerenge kope lonse kuyambira tsamba loyamba, msungichuma awerenge ndalama pamphasa, mupereke zonse kwa wachiwiri wanu anthu akuona, ndipo mlembi alembe tsiku ndi maina a mboni.