Mwana wosaka nsapato m'mawa uliwonse: muyambire pati?

Mayi wina wa ku Lilongwe watitumizira imelo yodandaula za ana ake awiri. Wamwamuna ali ndi zaka 10, ali Sitandade 5. M'mawa uliwonse amasaka nsapato, kope kapena cholembera mpaka anzake kumusiya, ndipo teremu ino wagwira kale chibalo kangapo chifukwa chochedwa. Wamkazi ali ndi zaka 13, ali Sitandade 8 ndipo akudikira mayeso a PSLCE, koma amayamba kuwerenga usiku atatopa, n'kugonera pamakope pomwepo. Mayiwa akuti akalipa mpaka mawu kusasa. Funso lawo ndi lakuti: achite chiyani kuti anawa azidzikonzekera okha ndi kusunga nthawi?

Mayi, tsitsani kaye mtima pansi. Mwana wa zaka 10 akamaiwalaiwala sikuti ndi ulesi kapena mwano. Mbali ya ubongo yomwe ili kuseri kwa mphumi, imene imathandiza munthu kusanja zochita, kukumbukira chotsatira ndi kudziletsa, imachedwa kukhwima kuposa mbali zina, ndipo imakulabe mpaka munthu atapitirira zaka 20. N'chifukwa chake mukanena kuti "samba, uvale, ulongeze makope, usaiwale kapu," mwana amagwirapo chimodzi kapena ziwiri, zinazo zatayika. Zimene mutu wake sungathe kusunga pakadali pano, muziikire poonekera: pakhoma, pamsomali, m'katoni.

Chipwirikiti cha m'mawa chimathetsedwa madzulo a dzulo lake. Khomani misomali iwiri pafupi ndi khomo, pamsinkhu woti mnyamatayo afikira yekha: umodzi wa chikwama, wina wa yunifomu. Pansi pake muikepo katoni ya nsapato ndi masokosi. Akangofika kuchokera kusukulu, zinthu zimenezi zipite pamalo pake asanagwire mbale ya chakudya. Kenako akopere yekha taimutebulo ya kalasi yake papepala lolimba, zilembo zikuluzikulu, n'kuimata pomwepo. Alembe ndi iyeyo, osati inu, ngakhale zilembo zitakhota. Chimene mwana walemba yekha amachiyang'ana.

Madzulo aliwonse, nsima isanafike patebulo, ayang'ane za mawa n'kulowetsa m'chikwama makope a tsikulo okha, cholembera, pensulo, rula, ndi kapu ngati kusukulu kwawo amalandira phala. Tikunena kuti nsima isanafike chifukwa mwana akakhuta maso amalemera, ndipo chilichonse chimasanduka "ndichita mawa". Palinso nkhani ya kuwala. Kuno dzuwa limalowa cha m'ma hafu pasiti 5 mu Juni, ndipo ngakhale mu Disembala 6 koloko ikangodutsa pang'ono limakhala lapita. Magetsi akazima, kusaka pensulo ndi tochi ya pafoni ndi ndewu yosafunika. Makope osafunika mawa akhale m'katoni ina yawoyawo. Ana ambiri amanyamula makope onse tsiku lililonse poopa kuiwala, koma chikwama chotere ndicho chimang'ambika zingwe, ndipo kope lofunikalo limabisala pakati pa enawo. Yunifomu ichapidwe Loweruka m'mawa; yochapidwa Lamulungu madzulo, makamaka m'dzinja, imavalidwa yonyowa kapena kuchedwetsa mwana pamene mukuiumitsa ndi ayironi.

Tsopano nthawi. Makolo ambiri amasankha ola lodzukira mongoganizira. Inu werengani chobwerera m'mbuyo, muli limodzi ndi mwanayo, pepala ndi pensulo zili patsogolo. Tinene kuti asembule imayamba 7:15. Tsiku lina muyeze ndi wotchi ulendo wake wapansi, pa liwiro lake, osati lanu. Ngati ndi mphindi 25, onjezerani 10 za matope, za kucheza panjira ndi zina, ndiye kuti azituluka pakhomo 6:40. Kudya mphindi 10, kuvala 10, kusamba 10, kusesa kapena kutsuka mbale 15: mwafika pa 5:55. Adzuke 5:50. Apa ndiye pamatulukira vuto limene ambiri saliona. Akatswiri a za tulo amalangiza kuti mwana wa zaka 6 mpaka 12 azigona maola 9 mpaka 12, ndipo wa zaka 13 mpaka 18 maola 8 mpaka 10. Mnyamata wodzuka 5:50 afunika akhale pamphasa kapena pabedi hafu pasiti 8. Ngati 10 koloko imamupeza akuonera filimu ndi akuluakulu pabalaza, m'mawa aziyenda ngati wodwala, ndipo palibe pepala lapakhoma limene lingakonze zimenezo.

Ngati mungathe, gulani wotchi yapakhoma ya mivi. Kwa mwana imaposa manambala a pafoni chifukwa amaona ndi maso kuti mpata ukuchepa. M'malo mofuula kuti "fulumira", mungonena kuti "muvi wautali ukafika pa 8, ukhale uli panja." Zochita zamasana musazimangirire pa ola, zimangirireni pa chinthu chimene chimachitika kale tsiku lililonse. "Ukatha kudya, upume pang'ono, kenako homuweki, mpira pambuyo" imagwira kuposa "homuweki 3 koloko", poti mwana ali kubwalo sadziwa kuti 3 koloko yakwana liti. Alembe mphindi 20, apume 5, abwerere. Ayambe ndi phunziro limene amaliopa, mutu usanatope. Tsamba lomaliza la kope limodzi likhale lolembapo ntchito imene aphunzitsi apereka ndi tsiku loibweza; inu ntchito yanu ndi kuyang'ana tsambalo, osati kumuwerengetsera masamuwo.

Za mtsikanayo tilankhule mosabisa. Musanamupangire ndandanda yowerengera, lembani papepala zonse zimene amachita akaweruka. M'makomo ambiri mtsikana wa msinkhu umenewu amatsuka mbale, kutunga madzi, kupita kuchigayo, kuphika, kulera kamwana, pamene mchimwene wake ali kumpira. Akamagonera pamakope 9 koloko usiku, vuto si kusadziwa kusunga nthawi, nthawiyo alibe. Mnyamata wa zaka 10 angathe kutsuka mbale ndi kusesa, ndipo zimuthandizanso iyeyo kuzolowera dongosolo. Mtsikanayo mumupatse kuyambira 4 koloko mpaka hafu pasiti 5, kukuwala, ndipo aliyense pakhomo adziwe kuti nthawi imeneyi satumidwa, ngakhale kukagula mchere.

Pa PSLCE amalemba mapepala 6: Chingerezi, Chichewa, Masamu, Sayansi, la zachikhalidwe ndi chipembedzo, ndi la zaluso ndi maluso a moyo. Maphunziro awiri patsiku, mphindi 40 lililonse, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, zikupereka mipata 12 pa sabata. Musaigawe mofanana. Limene akulephera litenge mipata itatu, limene amakhoza mosavuta litenge umodzi. Ndipo mumpatamo asalembe dzina la phunziro lokha. Mwana amene walemba kuti "Masamu" amatsegula kope, kuvundukula masamba, nthawi n'kutha. Alembe chinthu chooneka mathero ake: "mafunso 10 a mafulakishoni", "kalata imodzi ya Chingerezi". Pa kalendala azungulize sabata ya mayeso, awerenge masabata otsala, ndipo Loweruka lililonse adulepo imodzi. M'masabata omalizira apemphe kwa aphunzitsi mapepala akale a MANEB, alembe wotchi ili patsogolo, chifukwa ana ena amagwa osati posadziwa mayankho koma pothera nthawi yonse pa mafunso oyambirira.

Pamene dongosolo lotere limafera kawirikawiri ndi m'manja mwa makolo eni ake. Ena amayambitsa zonse tsiku limodzi, Lachitatu osafika aliyense watopa. Yambani ndi chikwama ndi misomali basi. Za nthawi yogona zibwere zimenezi zitakhazikika. Ena amaona kuti mwana akuchedwa n'kumulongezera okha, poti n'zachangu. N'zachangudi, koma mudzalongezabe ali Fomu 2. Sabata yoyamba chitani limodzi. Yachiwiri achite iye inu mukuona, manja ali kumbuyo. Yachitatu mungofunsa kuti "wayang'ana pakhoma?" Kenako muzingosuzumira m'chikwama Lachisanu. Akaiwala kope, musamuthamangire nalo kusukulu. Akafotokoze yekha kwa aphunzitsi, ndipo madzulo mumufunse modekha kuti chinasokonekera ndi chiyani. Agogo, azakhali kapena aliyense wothandiza pakhomopo amve nawo zimenezi, kupanda kutero iwo azichita mwakachetechete zimene inu mwasiya dala. Chikwapu pa nkhani ya kope lotayika chimangophunzitsa mwana kubisa kuti lataika. Holide ikatha yembekezerani kuti zinthu zibwerera m'mbuyo. Yambaninso kugona ndi kudzuka pa nthawi ya sukulu kutatsala masiku atatu kuti atsegulire.

Teremu yonse ikatha popanda kusintha kulikonse, yang'anani kuti kuchedwako kumagwa masiku ati. Nsapato zikamasowa Lachiwiri lokhalokha, onani pa taimutebulo kuti Lachiwiri m'mawa kuli phunziro lanji, ndipo mumufunse amene amayenda naye panjira; mwana woopa mphunzitsi wina kapena anzake omuvutitsa amachedwa dala koma sanena. Ngati sakopera homuweki n'komwe, mwina saona bwino pabolodi kapena samva bwino ali kumbuyo kwa kalasi yodzadza. Pitani mukacheze ndi aphunzitsi a kalasi yake, muwapemphe amukhazike kutsogolo kwa masabata awiri, ndipo zikapitirira mupite naye kuchipatala akamuyeze maso ndi makutu.