Kodi tchaja yakale ya batire la galimoto ingayendetse wailesi popanda batire?

Bambo wina wa ku Kasungu wandilembera pa imelo kuti ali ndi tchaja yakale ya batire la galimoto, ya bokosi lachitsulo, yolemera ndithu, yokhala ndi singano kutsogolo ndiponso yolembedwa kuti 12 V, 6 A. Anasiya kuigwiritsa ntchito atagula sola, ndipo tsopano akufuna kuti iziwapatsa magetsi pa tebulo lawo lokonzerapo zinthu, kuti aziyesera mawailesi, magetsi a LED ndi timamota ting'onoting'ono. Funso lawo ndi lakuti kodi angangodula zopanira zija n'kulumikiza mawaya ku wailesi.

Bambo, tchaja imeneyi ingagwire ntchito mukufunayo, koma osati monga ilili panopa, chifukwa amene anaipanga ankadalira kuti nthawi zonse izikhala yolumikizidwa ku batire, ndipo batirelo ndi limene limamaliza ntchito imene tchajayo imangoyamba. Mukatsegula bokosilo mupezamo zinthu zochepa kwambiri: thiransifoma yotsitsa 230 V ya m'nyumba, ma diode awiri kapena anayi, singano ija, ndi kachitsulo kodula magetsi zinthu zikatentha. Magetsi athu a m'nyumba, otchedwa AC, amapita uku n'kubwereranso maulendo 50 pa sekondi, ndipo ma diode amangowalozetsa mbali imodzi, kotero kuti chimene chimatuluka ku zopanira ndi magetsi okwera kuchoka pa 0 kufika pamwamba n'kugwanso, maulendo 100 pa sekondi iliyonse. Zili ngati madzi a pa mjigo, amene amatuluka modukizadukiza malinga ndi kupopa, pamene batire lili ngati ndowa imene imawalandira n'kuwakhazika.

Apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsidwa ndi multimeter, mita yoyezera magetsi. Tiyerekeze kuti thiransifoma yanu imatulutsa 14 V ya AC. Mukayeza ku zopanira pa DC, kutanthauza magetsi oyenda mbali imodzi, multimeter isonyeza pafupifupi 12 V, ndipo mtima wanu ukhala pansi. Komatu chimene yasonyezacho ndi chapakatikati chabe, pamene nsonga ya magetsiwo ndi 14 kuchulukitsa ndi 1.41, kuchotsapo pafupifupi 1.4 V yotayika m'ma diode, zomwe zikutipatsa 18 V ndi kupitirirako pang'ono. Wailesi ili ndi capacitor yake mkati, kachipangizo kosunga magetsi kwa kanthawi, ndipo capacitor imadzaza mpaka kufika pa nsonga, osati pa chapakatikati. Popeza zipangizo zambiri za 12 V zimakhala ndi ma capacitor olembedwa 16 V, chotsatira chake ndi capacitor yofufuma pamutu kapena yophulika kumene, ndipo wailesi ikapulumuka, sipika imangolira phokoso losalekeza lakuti huuu.

Musanagule chilichonse, tsimikizani kaye kuti tchajayo singakugwireni ndi nyesi, chifukwa pa tebulo muzigwira mawaya ake ndi manja tsiku ndi tsiku. Zulani pulagi ku khoma, ikani multimeter pa ohm, kenaka yezani pakati pa mano awiri aafupi a pulagi ndi chopanira chilichonse pachokha. Pasapezeke njira iliyonse pamenepo. Multimeter isonyeze OL, kutanthauza kuti palibe njira. Ikasonyeza nambala, ndiye kuti magetsi a m'khoma ali ndi njira yofikira ku zopanira, ndipo tchaja yotereyo isiyeni. Mukatero yezani pakati pa dzino lalitali la earth ndi bokosi lachitsulo, pamalo pamene mwapalapo penti ndi dzimbiri, ndipo muyenera kupeza zosakwana 1 ohm. Chingwe chong'aluka kapena chomangidwa ndi tepi chichotseni, muike chatsopano cha mawaya atatu, ndipo fyuzi ya 13 A imene imabwera m'mapulagi ambiri muisinthe ndi ya 3 A. Dziwaninso kuti multimeter imayeza ndi magetsi ochepa kwambiri, choncho ngati tchajayo inakhalapo pachinyontho kapena imanunkha kupserera, ndi bwino kuti katswiri wa magetsi ayeze thiransifomayo ndi makina a 500 V oyezera mphamvu ya zokutira mawaya.

Poyatsa koyamba, lumikizani babu lakale la ulusi la 60 W motsatana ndi waya wa live, kuti magetsi onse opita ku tchaja azidzera m'babumo. Tchaja ikakhala yabwino, ndipo ku zopanira kulibe kanthu, babulo limangofiira pang'ono kapena osayaka n'komwe. Likawala kwambiri ndi kukhalabe chiwalire, mkatimo muli shoti, koma babulo lateteza kuti pasapse kanthu. Mukaona mkati muli timbale tachitsulo tondandalikana pa bawuti imodzi m'malo mwa ma diode, imeneyo ndi rectifier ya selenium ya m'matchaja akale kwambiri, imene ikapsa imatulutsa utsi wonunkha ndiponso wapoizoni. Ichotseni n'kuikapo bridge rectifier yamakono, monga KBPC2510, yomangidwa ndi bawuti ku bokosi kuti izizizira.

Zonsezi zikukhudza tchaja yolemera ngati yanuyo. Owerenga amene ali ndi tchaja zamakono zopepuka za pulasitiki asazitsegule, chifukwa mkati mwake muli capacitor yosunga pafupifupi 325 V, imene imatha kukhalabe ndi magetsi pulagi itazulidwa kale, ndiponso zambiri mwa izo sizitulutsa kanthu zisanazindikire kuti kwalumikizidwa batire. Kwa iwowo adaputala yakale ya laputopu ya 19 V ndi poyambira pabwino kuposa tchaja.

Tchaja yanu ikapambana mayeso amenewa, chinthu choyamba kuwonjezera ndi capacitor yaikulu yolowa m'malo mwa batire. Ya 10,000 µF imasiya magetsi akugwedera ndi 1 V yokha mukamakoka 1 A, ndipo ndi 2 V mukamakoka 2 A, zomwe n'zokwanira. Gulani yolembedwa 35 V, popeza magetsi a m'khoma akakwera nsonga ija imakweranso, ndipo onetsetsani kuti mwendo wa kumbali ya mzere wa minus wapita ku waya wakuda, chifukwa capacitor yolumikizidwa mozondoka imaphulika. Pa miyendo yake wotchereranipo resistor ya 1 kΩ, 1 W, imene imatsitsa magetsi otsala pasanathe mphindi imodzi mukazimitsa.

Tsopano muli ndi 18 V yosalala, imene ikufunika kutsitsidwa ndi kugwiridwa pamalo amodzi. Njira yakale ndi regulator (kachipangizo kotsitsa ndi kukhazika magetsi) yotchedwa LM317, imene imapereka kuyambira 1.25 V ndipo imapirira mpaka 1.5 A, mukaika resistor ya 240 Ω ndi ina yotembenuza ya 2.2 kΩ, muzitha kusankha kuyambira 1.25 V kufika pafupifupi 12.7 V. Vuto lake ndi kutentha, chifukwa magetsi onse amene yachotsa imawasandutsa moto: kutsitsa 18 V kufika pa 5 V mukukoka 1 A ndi 13 W yathunthu, ndipo popanda heatsink (chitsulo chochotsa kutentha) yaikulu ya aluminiyamu imadzizimitsa yokha pakangopita kanthawi. Njira ina ndi kabolodi kogula kopangiratu ka LM2596, kamene sikatentha motero. Amakalemba kuti 3 A, koma ine sindingakapitirize 2 A. Pa mawailesi ndingasankhe LM317, chifukwa kabolodiko kamatulutsa phokoso limene limamveka pa AM ndi shortwave, pamene pa timamota ndi magetsi a LED kabolodiko n'kabwino. Chilichonse mungasankhe, ikani kamita kosonyeza ma volt pa bokosi ndipo muzikayang'ana musanalumikize chinthu, popeza regulator ikafa nthawi zina imangodutsitsa 18 V yonse.

Nambala ya 6 A ija musaikhulupirirenso mukaika capacitor, chifukwa thiransifoma tsopano ikhala ikukokedwa mwamphamvu pa nsonga zokha, ndipo itentha msanga kuposa kale. Kukhala pansi pa 3.5 A n'kwanzeru. Kachitsulo kodula magetsi kaja kamachedwa ndipo kamadzilumikizanso kokha kakazizira, choncho ikani fyuzi ya galimoto ya 2 A kapena 3 A pa waya wofiira, mukangodutsa capacitor. Poyesa, gwiritsani ntchito babu la galimoto, la 10 W pa LM317 kapena la mabuleki la 21 W pa kabolodi, lisiyeni liyake kwa theka la ola, kenaka zulani pulagi n'kukhudza thiransifoma ndi heatsink. Ngati chala sichingapirirepo, chepetsani ma amp amene mukukoka kapena onjezani mabowo opitira mpweya.

Mabatire a lithium, kaya a foni kaya a 18650 ochotsedwa m'malaputopu, musawatchaje mwachindunji ndi chipangizo chimenechi, chifukwa amafuna kuti tchaja iime pa 4.2 V ndendende ndi kuchepetsa ma amp, ndipo akapitirira amatha kuyaka moto. Kabolodi ka TP4056, kodyetsedwa 5 V kuchokera pa regulator yanuyo, ndi kamene kanapangidwira ntchito imeneyo.