Ojambula zithunzi amene ndimawasirira, ndi zimene ndimawabera

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mmodzi wa inu, mtsikana amene wayamba kutola zithunzi chaka chomwe chino. Anandifunsa motere: "Ndikaona zithunzi za anthu pa Instagram mtima umandifooka, zanga zimaoneka ngati zamasewera. Inu mumasirira ojambula ati, akale ndi alero? Nanga munthu angaphunzire bwanji kwa iwo popanda kukhala wongokopera?"

Achemwali, zikomo, ndipo pepani kuti ndachedwa kuyankha. Mayina ndikupatsani, koma ndikuuzirenitu kuti ine chimene ndimasirira kwenikweni si mmene chithunzi chikuonekera. Ndimasirira zimene wojambulayo anachita asanadine batani: pamene anaima, nthawi imene anadikira, zimene anauza munthu amene anali patsogolo pake. Maonekedwe a chithunzi mutha kuwakopera madzulo amodzi ndi pulogalamu ya pafoni. Zinazo ndiye zofunika kuba.

Amene ndimawakonda kuposa onse ndi a Seydou Keïta a ku Bamako, m'dziko la Mali. Kamera yawo yoyamba inali Kodak Brownie imene anapatsidwa ngati mphatso mu 1935, ndipo mu 1948 anatsegula situdiyo pabwalo la nyumba. Munalibe zambiri mmenemo. Nsalu yoyamba imene ankakoloweka kumbuyo kwa anthu inali yoyala pabedi pawo. Kuwala ankadalira kwa dzuwa. Filimu inali yodula, choncho kawirikawiri munthu ankamutola kamodzi kokha. Taganizani, kamodzi. Ife lero timadina kakhumi, kenako n'kumasankha tili pampando. Iwo kusankha konse ankathera pamaso pa munthuyo: dzanja ili likhale apa, nkhope ipendekeke chonchi, mpango utsike pang'ono. Ankasunganso zinthu zoti anthu azibwereka pojambulitsa, monga wailesi, wotchi, cholembera, magalasi, ngakhale njinga yamoto. Wina angati ndi chinyengo chimenecho, munthu kujambulitsa ndi wailesi ya eni. Ine ndimati a Keïta ankamvetsa kuti munthu akabwera kudzajambulitsa amabwera ndi munthu amene akufuna kukhala, ndipo ameneyonso ndi woona. Mukayang'ana amayi a m'zithunzi zawo, atavala nsalu yamaluwa, kumbuyo kulinso nsalu ina yamaluwa, mungayembekezere kuti maso asokonezeka. Koma nkhope ndi imene imakugwirani, chifukwa munthuyo wakhazikika, sakuopa kamera.

Chopweteka n'chakuti mu 1991 zithunzi zawo zina zinaonetsedwa ku New York, pansi pake patalembedwa kuti wojambula sakudziwika. Panafunika munthu kupita ku Bamako kukafunsa kuti mwini ntchitoyi ndani. Anawapeza ali moyo, atasunga bwino manegetivu awo (mafilimu otsukidwa amene zithunzi zimasindikizidwa kuchokera pamenepo) masauzande ambiri. Anamwalira mu 2001.

Mumzinda womwewo munali a Malick Sidibé. Iwo sankangodikira anthu m'situdiyo. Usiku ankazungulira m'madansi a achinyamata a m'zaka za m'ma 1960, Mali itangolandira ufulu, atanyamula kamera ndi fulashi. Chithunzi chawo cha mu 1963 cha mnyamata ndi mtsikana akuvina, mtsikanayo ali wopanda nsapato, mitu yawo itatsala pang'ono kugundana, simungachitole ngati anthuwo amakuonani ngati mlendo. Achinyamatawo ankawaitana okha. Mu 2007 a Sidibé analandira mphoto ya Golden Lion pa chionetsero chachikulu cha zaluso ku Venice, m'dziko la Italy, woyamba mwa ojambula zithunzi kuilandira chifukwa cha ntchito ya moyo wonse.

Tsopano ndiulule manyazi anga. Nditangoyamba kumene ndinatengeka kwambiri ndi a Henri Cartier-Bresson a ku France, makamaka chithunzi chija cha mu 1932 cha bambo akudumpha chithaphwi kuseri kwa siteshoni ya sitima ya Saint-Lazare ku Paris, chidendene chitatsala kachidutswa kuti chikhudze madzi. Ndiye dzinja lina ndinkaima pafupi ndi zithaphwi masiku angapo, kamera ili m'manja, kudikira kuti wina adumphe. Palibe anadumpha. Onse ankangolambalala, n'kumandiyang'ana ngati wasokonezeka mutu. Ndinali nditakopera chithaphwi, osati munthu. A Cartier-Bresson sanapite kukasaka wodumpha. Anasuzumira pampata wa mpanda, n'kuona kuti malowo akonzeka kale: madzi osalala ngati galasi, makwerero atagona pansi, chikwangwani pakhoma chokhala ndi wovina amenenso akudumpha. Chinatsala ndi munthu woti adutse. Ankayenda ndi kamera yaing'ono ya Leica, nthawi zambiri ya lenzi imodzi ya 50mm, mbali zake zonyezimira atazimata ndi tepi yakuda kuti anthu asaione msanga. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwa iwo ndinaphunzira kuyamba ndapeza malo ndi kuwala, kenako kuima phee. Mu 1947 iwo ndi anzawo, kuphatikizapo a Robert Capa, anayambitsa bungwe la Magnum kuti ojambula azikhala eni a manegetivu awo m'malo mowasiya m'manja mwa magazini. Nkhani ya umwiniyo muisamale ngakhale mukujambula ndi foni.

Pali ena amene ndimawasirira koma ndikukangana nawo mumtima. A Dorothea Lange anatola chithunzi chotchuka cha mayi wosauka ku Nipomo, ku California, mu 1936, pa nthawi ya mavuto aakulu a zachuma ku America. Mayiyo waika dzanja pachibwano, ana awiri abisa nkhope pamapewa pake, khanda lili pamiyendo. Chithunzicho chitatuluka m'nyuzipepala, boma linatumiza chakudya kumsasa wa anthu osauka kumene chithunzicho chinatoledwa. Koma a Lange anakhala ndi mayiyo mphindi zochepa chabe ndipo sanamufunse dzina. Dziko linadziwa kuti ndi a Florence Owens Thompson mu 1978, patapita zaka zoposa 40, ndipo iwo anadandaula kuti nkhope yawo yazungulira dziko lonse koma sanapezepo kanthu. Chithunzicho n'chachikulu, sindikana. Komabe nthawi zonse ndikafuna kutola munthu amene ali m'mavuto, ndimakumbukira dandaulo limeneli ndisanakumbukire kukongola kwa chithunzicho.

Nkhani yonga yomweyi imawatsatanso a Sebastião Salgado a ku Brazil, amene anamwalira mu 2025. Anaphunzira zachuma, n'kudzayamba kujambula atakula kale. Zithunzi zawo za mu 1986 za mgodi wa golide wa Serra Pelada, anthu masauzande atathimbirira ndi matope akukwera makwerero ndi matumba kumsana, zimaimitsa mtima. Ena amawadzudzula kuti amakongoletsa umphawi. Ine ndimawakhululukira pa chifukwa chimodzi: sankadutsa ngati mphepo. Ntchito imodzi ankatha nayo zaka zambiri, akukhala pakati pa anthu amene akuwajambulawo.

Mukadzamva kuti kamera yanu ndi yochepa, mudzakumbukire anthu awiri a ku South Africa. A Ernest Cole ankalowa m'migodi kamera ataibisa m'pepala lonyamulira chakudya, n'kumatola mmene anthu akuda ankawayezera ali maliseche pamzere. Anathawa m'dzikolo mu 1966, buku lawo la zithunzi linatuluka mu 1967 ndipo boma la tsankho linaliletsa. Sanabwererenso kwawo. Anamwalira ku New York mu February 1990, patangopita masiku ochepa a Nelson Mandela atatuluka m'ndende, ndipo mu 2017 manegetivu awo pafupifupi 60,000 anapezeka akusungidwa m'banki ina ku Stockholm. A Peter Magubane iwo ankaboola buledi n'kubisamo kamera, n'kumaoneka ngati munthu akudya pomwe akutola. Apolisi anawatsekera m'chipinda chaokha masiku 586. Anthu amenewa analibe nthawi yodandaula za lenzi. Ankadziwa chimene akufuna kuti dziko lione, basi.

Za a Vivian Maier ndingonena pang'ono, popeza nkhani yawo yafala kale pa intaneti. Ankagwira ntchito yolera ana ku Chicago, n'kumatola zithunzi m'misewu ndi Rolleiflex, kamera imene umayang'ana uli wowerama itakufika pamimba. N'chifukwa chake anthu a m'zithunzi zawo amaoneka aataliatali ndi osadzikonza. Anasiya manegetivu oposa 100,000, mafilimu ena asanatsukidwe n'komwe, ndipo katunduyo anagulitsidwa pa okushoni mu 2007. Palibe amene ankawaombera m'manja, koma sanasiye. Inu amene mukuwerenga malaiki usiku, taganizirani zimenezo.

Mwafunsanso za alero. Amene ndimabwererako kawirikawiri ndi a Aïda Muluneh a ku Ethiopia. Anagwirapo ntchito ku nyuzipepala ya Washington Post, kenako anabwerera kwawo n'kuyambitsa chionetsero cha zithunzi chotchedwa Addis Foto Fest mu 2010. Iwo sadikira kuti chinthu chichitike, amachimanga okha: nkhope zopakidwa utoto, zovala zofiira, zachikasu ndi zabuluu zowala kwambiri, chilichonse chitaikidwa pamalo pake ngati wojambula ndi bulashi. Ndi osiyana kotheratu ndi a Cartier-Bresson, ndipo n'chifukwa chake ndimawafuna onse awiri. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma chenjerani, a Muluneh ndi amene amakoperedwa kwambiri masiku ano. Ndaona zithunzi zambiri za nkhope zopakidwa utoto zimene sizikunena kanthu, chifukwa wotolayo anatenga utoto n'kusiya funso limene linabweretsa utotowo.

Ngati pali mmodzi woti mumutsanzire mwachindunji pa msinkhu mwafikawu, ndi a J.D. 'Okhai Ojeikere a ku Nigeria. Kuyambira mu 1968 anayamba kutola malukidwe a tsitsi la amayi, nthawi zambiri kuchokera kumbuyo, pamalo opanda chosokoneza, ndipo anapitiriza kwa zaka zambiri mpaka zithunzizo zinafika pafupifupi 1,000. Chimodzi chokha mungachidutse. Zikakhala pamodzi mumazindikira kuti oluka aja anali amisiri, ndipo malukidwe ena amene anasiyidwa atsala m'zithunzizo mokha.

Ndiye chitani izi. Sankhani chithunzi chimodzi chimene chakugwirani mtima, chimodzi chokha, muchiyang'ane kwa mphindi khumi zina zonse za pafoni zitatsekedwa. Mulembe papepala kuti wojambulayo anaima pati, anagwada kapena anakwera penapake, kuwala kukuchokera mbali iti, munthuyo akudziwa kuti akutoledwa kapena ayi, ndipo n'chiyani chimene chasiyidwa kunja. Funso lomalizali ndi limene limandiphunzitsa kwambiri. Mukatero chitsekeni, musachionenso mwezi wonse. Kenako sankhani chinthu chimodzi chimene mumachiona tsiku ndi tsiku, kaya ndi manja a anthu akugwira ntchito, kaya ndi zitseko, kaya ndi mmene anthu amakhalira akamadikira, muzichitola chokhachokhacho. Tsiku lililonse musapitirire zithunzi zitatu, kuti mumve pang'ono zimene a Keïta ankamva filimu ili imodzi.

Mwezi ukatha munditumizire zisanu pa imelo yomweyi. Ngati muli anthu m'zithunzizo, mundiuzenso ngati munawafunsa mayina, ndiponso ngati anaziona.