Mapu akale a Mulanje angakufikitseni pa Sapitwa?

Achimwene, mwafunsa ngati mapu amene anasiya malemu bambo anu, olembedwa kuti "Mlanje", angakuthandizeni kukwera phiri mukapita kumudzi pa Khirisimasi. Asungeni bwino, koma musawadalire okha.

Pa miyala mapuwo sanama. Ambiri a nthawi ya atsamunda anajambulidwa ndi a Directorate of Overseas Surveys, bungwe la boma la Britain lojambula mapu, potengera zithunzi za m'ndege. Nsonga ya Chambe ili pomwepo, mpata wa Fort Lister ukulekanitsabe Mulanje ndi Michesi, mtsinje wa Ruo ukutsikabe kupita kumalire a Mozambique. Sapitwa ndi mamita 3,002, ndipo ngati mapu anu ali m'mafiti muona nambala yoyandikira 9,850. Ife tinazolowera Lusaka wopanda chitunda, ndiye mizere ya pa mapu yosonyeza kukwera kwa malo timaipeputsa. Ikathinana dziwani kuti pamenepo ndi phompho.

Chimene chimandiwawa ndi mitengo. Nkhalangoyi inatetezedwa mu 1927, ndipo mkungudza wa ku Mulanje, umene asayansi anautcha dzina la Alexander Whyte yemwe anauona mu 1891, unkadzaza zigwa za pamwamba. Ine nditakwera komaliza, pamalo pamene mapu amasonyeza nkhalango yowirira ndinapeza zitsa ndi udzu, fungo la mkungudza likungomveka pa zipalapasa zimene anasiya ocheka matabwa. Mukati "ndikhota pamene pathera mitengo", mwasochera kale. Komanso namondwe Freddy, mu Malichi 2023, anagumula matope ndi miyala, njira zina n'kusintha.

China, musafanizire manambala a pa mapuwo ndi a GPS ya pa foni. Mapu akale a Malawi ndi Zambia anayezedwa ndi muyezo wa malo wotchedwa Arc 1950, pomwe foni imayendera muyezo wina wotchedwa WGS84, ndipo kusiyana kwake kumafika mamita mazana angapo. Kuno kutauni mungangolowa msewu wina. Paphiri pali nkhungu, mtunda umenewo ndi waukulu.

Disembala ndi nthawi ya mvula, mitsinje imadzaza mwadzidzidzi ndipo matanthwe amaterera. Kayambireni ku Likhubula, mulembetse ku ofesi ya zankhalango, mutenge wokulondolerani wa komweko. Opita ku Sapitwa amagona m'kanyumba ka ku Chisepo, ndiye onani ngati kanyumba kameneko kalipo n'komwe pa mapu anu. Mapuwo akajambulitseni kuno musananyamuke, enieniwo atsale kunyumba, angakanyowe.