Achemwali, tomatoyo musiyeni kaye, tiyambe ndi dothi

Funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwangosamukira ku Area 25, kuseri kwa nyumba mwapezako kamalo, mwalima mabedi atatu n'kubzala repu, chainizi ndi tomato. Koma repu akuchita chikasu, tomato akufota asanabereke, nsabwe zili mbwee kunsi kwa masamba, ndipo bilu ya madzi yakwera moti bambo a kunyumba ayamba kudandaula. Ndiye mukufunsa kuti mugule mankhwala anji. Anzathu ena amene akuyankhani akutchulirani kale mayina a mankhwala osiyanasiyana. Ine ndikuti ndalamayo isungeni kaye, chifukwa pachithunzi mwaikacho chimene chandigwira maso ndi dothi lanu, osati nsabwezo.

Dothilo ndi lofiira, louma gwa, long'aluka pamwamba. Ndi katondo amene amatuluka pansi amisiri akamakumba maziko a nyumba, kenako amangomumwaza pabwalo. Dothi lakuda limene linali pamwamba linakwiririka kalekale. Mapoloti ambiri a m'tauni ali choncho. Nditayamba dimba langa ndinkaganiza kuti dzanja langa ndi loipa, chifukwa chilichonse chimene ndabzala chinkangokwinimbira. Tsiku lina ndinakwiya, ndinatenga khasu n'kukumba bedi limodzi mpaka kufika m'bondo. Zimene ndinatulutsamo: zidutswa za njerwa, simenti youma ngati mwala, majumbo, chitini cha penti, ngakhale nsapato ya mwana. Mawilibala awiri odzaza. Mizu ikanalowera pati? Inunso kumbani bedi limodzi chimodzimodzi, masentimita 30 kapena kupitirira, muphwanye zibuma, mutole zonse zosawola. Bedi lisapitirire mita imodzi m'lifupi, kuti muzifikira pakati muli m'mbali osapondamo. Mukamapondamo likubwereranso kukhala gwa.

Chikasu cha repu wanu chikuyambira masamba a m'munsi n'kumakwera. Imeneyo kawirikawiri ndi njala, mbewu ikusowa chakudya chobiriwitsa masamba. Mutha kuthira feteleza wa CAN pang'ono, kachivindikiro ka botolo la Fanta pa phando lililonse, motalikirako ndi tsinde, n'kuthirira bwino, ndipo pakatha sabata muona kusintha. Koma pa dothi ngati lanuli feteleza ali ngati kumpatsa tiyi munthu amene sanadye nsima. Chofunika ndi manyowa, ambiri ndithu: ndowa imodzi ya malita 20 pa mita iliyonse ya bedi, kusakaniza ndi dothi. Ku Area 25 oweta nkhuku za nyama alipo ambiri, ndipo akamasesa khola amagulitsa zitosi zosakanikirana ndi utuchi pa thumba. Chenjezo ndi limodzi: zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mbande. Ine ndinapha nazale yonse ya anyezi chifukwa cha phuma. Ziunjikeni pakona, muzinyowetse, muziphimbe, muzitembenuza pakatha sabata ziwiri zilizonse. Zikasiya kununkha ndi kutentha mukapisamo dzanja, zapsa. Ndowe za ng'ombe ndi za mbuzi n'zofatsa kuposa za nkhuku, koma nazonso ziwole kaye.

Pali chizolowezi chathu chimodzi chimene chimandipweteka mtima. M'mawa uliwonse timasesa pabwalo mpaka mbee, tiunjika masamba a mango ndi a mapeyala, tiyatsa moto, utsi tolo mpaka kwa aneba. Kenako masana tikukafunsa mtengo wa feteleza. Masamba amenewo, makoko a mbatata ndi a nthochi, zotsalira posadzula ndiwo, phulusa la pambaula, gaga wowonongeka, zonsezo ndi chakudya cha dimba. Kumbani dzenje kuseri, muzitayamo zimenezi mosanjikiza ndi kadothi ndi zitosi pang'ono, muzithiramo madzi otsukira mpunga. Musatayemo mapulasitiki, mabatire, matewera kapena zotsala za nyama, izi zimaitana makoswe ndi agalu. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mutulutsamo dothi lakuda lonunkhira ngati m'nkhalango mvula itangogwa. Ngati mukufuna zachangu, funsani za manyowa a Mbeya amene alangizi a zaulimi amaphunzitsa: gaga, phulusa, ndowe, feteleza pang'ono ndi madzi, kusakaniza n'kumanga m'thumba lokhala ndi pulasitiki m'kati kuti mpweya usalowe, n'kudikira masiku 21. Miyezo yake anthu amasiyana, koma ine ndimawagwiritsa ntchito pa mpiru ndipo sindidandaula.

Tsopano za nyengo, chifukwa apa ndi pamene ambirife timaphonya. Mwabzala repu ndi chainizi mwezi uno wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mbewu zimenezi zimakonda chisanu. Kuyambira Epulo mpaka Ogasiti repu amakula mosavuta, masamba otambalala ngati mbale, ndipo tizilombo timakhala tochepa. Kukatentha amafuna madzi kawiri pa tsiku, amafooka, ndipo mbewu yofooka ndi imene nsabwe zimaithamangira. Si kuti sizingatheke, alimi a m'madambo amalima chaka chonse, koma iwo ali ndi chitsime pafupi, inu muli ndi mita ya madzi imene ikuwerenga dontho lililonse.

Nthawi ino bzalani zathu zomwe. Bonongwe amakonda kutentha. Sakanizani njere zake ndi mchenga, muwaze pa bedi la manyowa, pakatha sabata zitatu kapena zinayi mwayamba kuzula wothinana n'kuphika, wotsalayo muzingotsina nsonga, iye aziphukira. Luni chimodzimodzi. Mapando atatu a maungu m'mbali mwa mpanda akupatsani nkhwani mpaka mutatopa nawo, ndipo mvula ikagwa mu Novembala kapena Disembala amayanga okha. Nyemba ndi khobwe zikupatsani khwanya ndi chitambe, kwinaku zikukonza dothi lanulo. Kholowa ndiye safuna n'komwe kugula mbewu, mungopempha zingwe za mbatata kwa aneba. Chisoso chimamera chokha, ntchito yanu ndi kungochisiya popalira. Ndikudziwa, ena akaona bonongwe m'dimba la m'tauni amati ndi tchire. Apatseni wotendera ndi nsinjiro tsiku lina muone ngati atsale m'mbale. Zikachuluka m'dzinja mufutse: kuwiritsa pang'ono, kuyanika, kusunga mouma. Agogo athu ankamanga zikwatu, ife timasunga m'zigubu, koma mfutso ndi womwewo.

Repu amene alipoyo musamuzule yense. Sankhani bedi limodzi limene likuonekako bwino, muthyole masamba onse achikasu ndi odzaza nsabwe, mukawakwirire. Mabedi atatu osakhuta madzi amaposedwa ndi limodzi lokhuta.

Pa madzi, chinthu chimene chinatsitsa bilu yanga ndi kuphimbira. Udzu wouma, masamba ouma, makoko a mtedza kapena a nyemba, muyale pa bedi mochindikala ngati zala zinayi, kungosiya kampata kuzungulira tsinde. Pisani chala pansi pa udzuwo masana, mupeza pali chinyontho pamene pambali pouma kale. Ena amaopa chiswe. Chiswe chikapeza udzu wouma chimatanganidwa nawo, ndipo ine sichinandidyerepo ndiwo zothiriridwa bwino. Chachiwiri, lekani kuwaza madzi pang'onopang'ono ndi payipi nthawi iliyonse mukadutsa. Kumeneko ndi kunyowetsa nkhope ya dothi basi, mizu imangoyandama pamwamba. Thirirani ndi kheni m'mawa kwambiri kapena dzuwa litapendeka, mokwanira kuti madzi alowe pansi, ndipo musanathirirenso pisani chala. Ngati dothi likumata, dikirani. Madzi ochuluka nawonso amachititsa chikasu, mizu ikamira. M'chilimwe bedi likhale lolowa pansi pang'ono, lokhala ndi milambala m'mbali kuti madzi asathawe. M'dzinja mulikweze kuti madzi asadikhe.

Madzi otsukira ndiwo, mpunga, ndi otsukuluzira mbale ndimasunga m'ndowa n'kukathira patsinde. A sopo wa ufa, a jiki ndi a mafuta ambiri ayi, amenewo amapha dothi pang'onopang'ono. Osambira ndimathira ku nthochi ndi ku papaya, osati pa masamba amene tidye mawa.

Nsabwezo tsopano. M'mawa musanapite kuntchito, tembenuzani masamba muone kunsi. Zikangoyamba zimakhala kagulu kamodzi kotuwa, makamaka pa masamba anthete a pakati. Kuzifikisa ndi chala kumatha mphindi zisanu. Zikachuluka, sungunulani kachidutswa ka sopo wa mtanda, kofanana ndi bokosi la machesi, m'malita 5 a madzi, muthiremo kambuzi wosinja ndi adyo, zigone usiku, musefe, mupopere madzulo kunsi kwa masamba. Bwerezani pakatha masiku atatu kapena anayi. Yesani kaye pa mbewu ziwiri, chifukwa sopo akachuluka amawaula. Masamba a nimu kapena a deliya osinja n'kuviika usiku amathandizanso. Ombwe ndi wamphamvu kuposa onsewa, koma kumbukirani kuti ndi yemwe uja amapha nsomba m'madzi, choncho asakhale pofikira ana ndipo ndiwo zake musathyole tsiku lomwelo. Mukaona tizilombo tofiira tozungulira ta madontho akuda, musatiphe, timadya nsabwe.

Sindikuti mankhwala a m'sitolo ndi oletsedwa. Koma dimba la pakhomo timathyola pafupifupi tsiku lililonse, mwana akhoza kutumidwa kukathyola inu kulibe. Pa botolo lililonse pamalembedwa masiku oyenera kudikira mukapopera musanakolole. Werengani pamenepo musanalipire. Ndipo musagule mankhwala othiridwa m'timabotolo topanda chizindikiro kapena m'timapepala ta pamsika, chifukwa simudziwa chimene chilimo ngakhale muyezo wake.

Tomato ndamusungira kumapeto dala. Aliyense woyamba dimba amafuna tomato, ndipo ndi amene amagwetsa ulesi anthu ambiri. M'chilimwe amagwidwa ndi akangaude ofiira, tating'ono kwambiri, tochititsa masamba kutuwa n'kuuma. M'dzinja ndi chiwawu. Chaka chonse pali kambozi kaja ka Tuta absoluta, kochokera ku South America, kamene kamalowa m'kati mwa tsamba n'kusiya mawanga oyera ngati pepala, kenako kuboola chipatso. Kakalowa m'kati, mankhwala ambiri sakafikira. Koma inu mwati wanu akufota, ndiye chitani izi. Zulani mmodzi wofota muone mizu. Ngati ili ndi timafundo totupa ngati mikanda, m'dothimo muli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatseka mizu. Ngati mizu ili bwino, dulani tsinde cha m'munsi muliviike m'tambula ya galasi ya madzi oyera, osagwedeza. Mukaona timizere toyera ngati mkaka tikutsika kuchokera podulapo, ndi matenda ofotetsa a m'dothi, ndipo amenewo alibe mankhwala opopera. Zulani onse odwala, muwotche, ndipo pa bedi limenelo musabzaleponso tomato, mabiringanya, tsabola kapena mbatata ya kachewere kwa zaka zingapo, chifukwa zonsezi ndi banja limodzi ndipo zimapatsirana. Ikanipo chimanga chachiwisi kapena anyezi.

Mukadzafunanso tomato, yambani ndi mitengo isanu kapena isanu ndi umodzi, m'matumba a feteleza otsuka bwino, oboola pansi, odzaza dothi lochokera kwina losakaniza ndi manyowa akupsa. Fesani nokha mbewu ya m'paketi, monga Tengeru kapena Rodade, cha mu Malichi kapena Epulo mvula ikamatha, muwokere mbande zikakwanitsa sabata zinayi, madzulo. Muzikire timitengo, muzithyola tinthambi tophukira m'khwapa mwa masamba, muzithirira patsinde osanyowetsa masamba. Matumba ali ndi ubwino winanso kwa ife a lendi: alandilodi akati nyumba akuifuna, dimba limakwera nawo lole. Komanso tinene zoona, nthawi imene tomato wa ku Ntcheu ndi ku Dedza wadzaza m'misika, mulu wake umatsika mtengo kuposa madzi amene mungathirire wanu. Chimene dimba la pakhomo limapulumutsa kwenikweni ndi ndalama ya masamba ya tsiku ndi tsiku ija.

Chinthu china simunafunse koma mukumana nacho: nkhuku za aneba. Tsiku limodzi lokha zimatha bedi lonse la mbande, ndipo nkhani yake imadanitsa. Ine ndinakhala mwezi wathunthu osalankhulana ndi mayi wina chifukwa cha thadzi ndi anapiye ake asanu ndi awiri. Mangani kampanda ka udzu, ka mapesi kapena ka matumba musanafese chilichonse. Neti yakale yong'ambika imathandiza pa nazale, koma yakale ndithu, osati imene mwangolandira kumene kusikelo, imeneyo ndi ya mwana.

Loweruka likubwerali zulani tomato mmodziyo, mutsuke mizu, muijambule pafupi. Mujambulenso kunsi kwa tsamba la repu ndi dothi la pansi pa dzenje mukakumba, muike pompano. Mundiuzenso kuti dzuwa limafika maola angati kuseriko, chifukwa pachithunzi ndikuona chipupa cha mpanda ndi mtengo wa mango, ndipo ngati mabediwo sakupeza dzuwa la maola 6, tiyenera kuwasuntha musanathiremo manyowa.